Musanalole AI kulowa m'mabuku anu a ndalama, werengani malangizo a zida zake

Eni mabizinesi ndi inu maakauntanti a ku Limbe, Ginnery Corner ndi Makata, mwayamba kumva za mapulogalamu a AI amene amalowa okha m'mapulogalamu osungira mabuku a ndalama monga QuickBooks, Sage kapena Xero n'kulemba invoyisi, kulowetsa malisiti ndi kufananitsa mabuku ndi sitetimenti ya kubanki. Zimathekadi. Koma wogulitsa akabwera, musathamangire kufunsa mtengo. Pemphani kaye malangizo olembedwa a zida zimene AI-yo imagwiritsa ntchito.

AI yamtunduwu imapatsidwa mndandanda wa zida: china cholembera invoyisi, china chofufuzira kasitomala, china cholembera malipiro. Chilichonse chili ndi dzina, mawu ofotokoza ntchito yake ndi malo oyenera kudzazidwa. AI imawerenga mawuwo n'kusankha chochita. Ambiri amalumikiza zidazi kudzera mu Model Context Protocol, njira yolumikizira AI ndi mapulogalamu ena imene kampani ya Anthropic idatulutsa mu Novembala 2024. Mawu akaperewera, AI imangolota yankho, ndipo imalota molimba mtima. N'chimodzimodzi botolo la mankhwala a mbozi losalembedwa mlingo: wopopera amathira mmene waganizira, zotsatira mukaziona kumunda.

Yambani ndi funso ili: chidachi chimangowerenga, kapena chimasintha mabuku? Mukapeza malangizo ongoti "chimapanga invoyisi", dziwani kuti sanathe. Invoyisi yake yotani? Mu Xero, invoyisi yongokonzekera mutha kuifufuta, koma yovomerezedwa imakhala italowa kale m'mabuku. Mungathe kungoithetsa mphamvu, mbiri yake n'kutsala. Malangizo abwino amanena poyera kuti invoyisi imayamba ili yongokonzekera, situmizidwa kwa kasitomala, ndipo imadikira munthu kuti aivomereze.

Pamsonkho ndi pamene ndikufuna mukhalitse. Onani ngati alemba kuti ndalama yolowetsedwayo ili kale ndi VAT kapena ayi. Tiwerengere pa 16.5 peresenti, mlingo umene VAT yathu idakhalapo kwa zaka zambiri. Mwagulitsa katundu wa K1,000,000. Ngati msonkho ukubwera pamwamba, VAT ndi K165,000. Ngati uli kale mkati, VAT ndi K141,631. Kusiyana kwake ndi K23,369 pa invoyisi imodzi yokha, ndiye muganize za holoselo ya ku Limbe imene imalemba mainvoyisi tsiku lonse. Funsaninso kumene chidacho chimatenga mlingo wa msonkho. Chiyenera kuutenga m'pulogalamu yanu momwe mudauika, chifukwa zitsanzo za m'malangizo ambiri zimakhala za kunja: 15 peresenti ya ku South Africa kapena 20 ya ku Britain. Ndipo boma likasintha mlingo, ndani akonze? Zilembedwe.

Ndalama nayo itchulidwe ndi chilembo chake, MWK. Mawu oti kwacha okha sakwanira, pajatu anzathu a ku Zambia nawonso ali ndi kwacha yawo, ZMW. Inu oitanitsa katundu ndi madola mukukumbukira Novembala 2023, pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Malangizo anene kuti mtengo wosinthira ndalama ndi wa tsiku liti ndipo ukuchokera kuti. Madetinso chimodzimodzi: 03/04 kwa ife ndi 3 Epulo, koma ku America ndi 4 Malichi, ndipo invoyisi yolowa mwezi wolakwika imasokoneza ritani ya VAT.

Pali china chimene olemba malangizo kunjako amachiiwala kawirikawiri, pomwe kuno n'chatsiku ndi tsiku. Magetsi athima kapena netiweki yaduka malipiro ali mkati molembedwa. AI sidalandire yankho, ndiye iyesanso. Kodi malipirowo alowa kawiri? Malangizo abwino amafotokoza mmene chida chimazindikirira kuti ntchitoyo idachitika kale, komanso tanthauzo la uthenga uliwonse wosonyeza kuti zalephereka. Ngati sakunenapo kanthu, ine sindingachilole kugwira malipiro, ngakhale wogulitsayo akhale wokoma pakamwa chotani.

Mukawerenga, yesani. Xero ili ndi Demo Company, QuickBooks ili ndi sandbox, malo oyeserera osakhudza mabuku enieni. Ipatseni AI makasitomala awiri a mayina ofanana, muone ngati ifunse kapena ingosankhapo mmodzi. Iuzeni ifufute invoyisi yolipidwa kale. Kenaka fananitsani zimene yachita ndi zimene malangizo adalonjeza, ndipo zikasiyana, m'bwezereni wogulitsa pepala lake akonze.

Kumbukirani kuti TPIN, nambala yolipirira msonkho, ndi yanu, ndipo a MRA akafuna kufunsa adzafunsa inu. Choncho miyezi yoyambirira ipatseni AI chilolezo chongowerenga ndi kukonzekera basi, akauntanti wanu azivomereza yekha chilichonse chisanalowe m'mabuku.