File Explorer ikudya RAM mukatsegula foda ya mavidiyo? Yambani mwapeza fayilo yolakwa musanagule RAM ina

Amene amajambula maukwati, zinkhoswe ndi misonkhano ya mpingo kuno ku Joni amalidziwa bwino vutoli. Mwachokera ku ukwati ku Turffontein, mwakopera mavidiyo onse mu laputopu kuti muwasanje, muwaike pa fulashi yoti ipite kumudzi ndi munthu wokwera basi. Mukangotsegula fodayo, kamzere kobiriwira kamayamba kukwawa pamwamba pa windo, fani ikulira, mausi ikukana kusuntha. Mukapita nayo kwa okonza, yankho lachangu limakhala loti muwonjezere RAM, malo amene kompyuta imasungamo kwakanthawi zimene ikugwirapo ntchito, kapena mufomate. Nthawi zambiri zonse ziwiri n'kutaya ndalama, chifukwa choyambitsa chimakhala fayilo imodzi yowonongeka kapena kapulogalamu kamodzi kamene kakulephera kuwerenga vidiyo.

Chimene chikuchitika m'katimo

Mukatsegula foda, Windows imafuna kukuonetsani kachithunzi kakang'ono pa vidiyo iliyonse. Kuti ikapeze kachithunziko, imatsegula vidiyoyo, n'kumasula chithunzi chimodzi kuchokera m'katimo, n'kuchichepetsa. Ntchito imeneyi File Explorer, pulogalamu ya Windows yotsegulira mafoda, siigwira yokha. Imatuma pulogalamu yotchedwa dllhost.exe, imene mu Task Manager imaoneka ndi dzina loti COM Surrogate. Mbali yakumanja ija imene imaonetsa fayilo musanaitsegule imagwiritsa ntchito ina, prevhost.exe. Anazipanga motero kuti kapulogalamu kowerenga vidiyo kakagwa, kasagwetse File Explorer.

Chithunzi chimodzi cha vidiyo ya 4K chili ndi timadontho 3840 m'litali ndi 2160 m'lifupi. Chikamasulidwa chimatenga pafupifupi 33 MB mu RAM, pamene cha 1080p chimatenga pafupifupi 8 MB. Zimenezi pazokha si vuto, popeza kachithunzi kakapangidwa RAM ija imabwezedwa. Vuto limabwera vidiyo ikakhala yoduka. Fayilo ya MP4 ili ndi kachigawo kotchedwa moov, kamene kamalongosola pamene chithunzi chilichonse chili, ndipo makamera ndi mafoni ambiri amakalemba pomaliza kujambula. Batire ikatha mukujambula, kachigawoko sikalembedwa. Magetsi akazima mukukopera, kapena mukasolola fulashi isanamalize, fayiloyo imatsala theka. Apo kapulogalamu kowerenga kamatha kumangofufuza chinthu chimene kulibe, kakutenga RAM osabweza.

Yambani mwaona amene akudya

Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager itseguke. Pitani pa Details, dinani pamutu wa mzere wa Memory kuti odya kwambiri akwere pamwamba. Siyani windoyo pambali, tsegulani foda yovutayo, mupenyetsetse kwa mphindi ziwiri.

Ngati nambala ya dllhost.exe ndi imene ikukwera, vuto lili pa tizithunzi. Ngati ndi prevhost.exe, lili pa mbali yoonetsera ija. Ngati ndi explorer.exe yeniyeniyo, kaikirani mizere ya tsatanetsatane wa mafayilo kapena mapulogalamu amene anadzilowetsa mu File Explorer. Chofunika si kukula kwa nambala, koma khalidwe lake. Ikakwera n'kutsika tizithunzi tikatha, palibe cholakwika. Ikamangokwera, kudutsa 1 GB, ndipo osatsika ngakhale mutatseka fodayo, ndiye kuti pali chimene chakakamira.

Pa Performance, pansi pa Memory, musaope nambala ya Cached. Imeneyo ndi RAM imene Windows yasungiramo zinthu mongoyembekezera, ndipo imaipereka pulogalamu ina ikaifuna. Yoyang'ana ndi ya In use.

Muonenso kuti dllhost.exe imeneyo ndi yeniyeni. Dinani pa iyo ndi batani lakumanja la mausi, sankhani Open file location. Iyenera kukufikitsani ku C:\Windows\System32 kapena ku C:\Windows\SysWOW64. Ikakutengerani kwina, monga ku foda ya Temp, imeneyo ndi vairasi yovala dzina la eni, ndipo mafulashi oyendayenda m'mashopu osindikiza mapepala ndiwo amakonda kubweretsa zoterezi. Pangani Full scan mu Windows Security musanapitirize.

Ipumitseni kaye kompyuta

Simungafufuze bwino makina akuuma. Mu Task Manager, sankhani dllhost.exe yodya kwambiriyo, dinani End task. Sizifufuta vidiyo iliyonse. Ngati File Explorer nayo yaima njii, ipezeni pa Processes ndi dzina loti Windows Explorer, dinani Restart. Sikirini iphethira, kenako zonse zibwerera.

Tsopano tsegulani File Explorer pa foda ina iliyonse, osati yovutayo. Ngati mbali yoonetsera ili yotsegula, dinani Alt ndi P kuti itseke. Lowani mu Options: pa Windows 10 ili pansi pa View, pa Windows 11 ili pa timadontho titatu tapamwamba. Pa View m'menemo chongani "Always show icons, never thumbnails", chotsani chongi pa "Show preview handlers in preview pane", ndipo chonganinso "Launch folder windows in a separate process" kuti foda ikauma isaumitse taskbar. Dinani Apply.

Tsegulaninso foda ija. RAM ikakhala chete, mwatsimikiza kuti nkhani ndi ya tizithunzi. Amene satifuna tizithunzito angathe kulekera pomwepa. Koma wojambula amene ali ndi mavidiyo 200 a maina ngati MVI_0431 sangagwire ntchito popanda ito, ndiye tiyeni tipitirize.

Kusaka fayilo yolakwa

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo pali njira ziwiri.

Yachidule ndi kufunsa Windows kuti dllhost.exe yagwira fayilo iti. Bwezerani tizithunzi, tsegulani fodayo, dikirani kuti RAM iyambe kukwera. Dinani batani la Windows ndi R, lembani resmon, dinani Enter. Pa CPU, chongani dllhost.exe. Pansi pake, pa Associated Handles, lembani mathero a dzina la mavidiyo anu m'kabokosi kofufuzira, monga .mp4 kapena .mov. Fayilo imene ikuonekerabe pamenepo osachoka ndiyo wakubayo. Chizindikiro china ndi choti mukafuna kuifufuta kapena kuisuntha, Windows imakana, n'kunena kuti ili yotsegula mu COM Surrogate.

Njirayi ikapanda kuonetsa kanthu, gawani fodayo. Zimitsani tizithunzi kaye, pangani mafoda awiri, ikani theka la mavidiyo uku, theka uko. Yatsani tizithunzi, tsegulani imodzi imodzi. Imene yavuta muigawenso pawiri. Zikumveka ngati ntchito ya tsiku lonse, koma pa mavidiyo 200 simudutsa maulendo 8 musanatsale ndi imodzi.

Musanayambe kugawa, dinani Ctrl, Shift ndi 6 kuti mafayilo aoneke pamndandanda, muwasanje potsata kukula kwake. Kawirikawiri wolakwa amadziulula yekha. Fayilo ya 0 KB, fayilo yothera ndi .crdownload kapena .part imene dawunilodi yake inadukira panjira, kapena vidiyo ya ola lathunthu imene ikuonetsa ma MB ochepa, zonsezo zichotseni poyamba. Muyang'anitsitsenso fayilo imene yaima pafupi ndi 4 GB. Fulashi kapena memori khadi yofomatidwa mwa FAT32 siisunga fayilo yoposa 4 GB. Makamera amadziwa zimenezi ndipo amaidula vidiyo m'zigawo, koma pulogalamu ina ikalemba mpaka kugunda malirewo imasiya fayilo yopanda mathero. Pa ntchito ya mavidiyo fomatani mafulashi mwa exFAT.

Mukaipeza, musathamangire kuifufuta ngati ndi gawo la ukwati wa munthu. Yesani kuitsegula ndi VLC, pulogalamu yoonera mavidiyo. Ikaseweredwa, ipititseni mu HandBrake, pulogalamu yaulere yosinthira mtundu wa vidiyo, ituluke ngati MP4 ya H.264, ndipo yatsopanoyo sidzavutanso. Ikakana ngakhale mu VLC, pali kapulogalamu kotchedwa untrunc kamene kamamanganso kachigawo kosowa kaja potengera vidiyo ina yabwinobwino yojambulidwa ndi kamera yomweyo pa makonzedwe omwewo. Sikuti kamapambana nthawi zonse, koma ndi bwino kuyesa musanakauze eni ukwati kuti mbali yoperekana mphete kulibe. Pakadali pano, isinthireni dzina powonjezera .bak kumapeto, Windows isiye kuiona ngati vidiyo.

Zikakhala kuti mavidiyo onse amtundu umodzi akuvuta

Ngati si fayilo imodzi koma chilichonse chochokera mu foni inayake, ndiye kuti vuto ndi codec, kapulogalamu komasulira vidiyo. Kuyambira 2017 ma iPhone amajambula mwa HEVC, imene imatchedwanso H.265, ndipo mafoni ambiri a Android ali nayonso. Makompyuta ambiri a Windows sabwera nayo, imafuna HEVC Video Extensions ya mu Microsoft Store, yolipira ndalama yochepa. Musanyengedwe ndi kuti vidiyoyo ikuseweredwa mu VLC. VLC imayenda ndi ma codec akeake ndipo siibwereka File Explorer.

Chovuta kwambiri ndi malaputopu ogulidwa kale kwa ena, aja amabwera atadzazidwa mapulogalamu ndi wogulitsa. Mumapeza ma codec pack awiri kapena atatu akale akulimbirana ntchito imodzi. Lowani mu Settings, pa Apps, chotsani onse, yatsaninso kompyuta, muyese. Ngati mukufunadi tizithunzi ta MKV ndi mitundu ina yachilendo, ikani chimodzi chokha chatsopano, monga Icaros kapena K-Lite Codec Pack, kuchokera pa tsamba la eni ake.

Ngati explorer.exe ndi imene ikutupa, tengani ShellExView ya NirSoft. Imaonetsa mapulogalamu onse amene anadziphatika ku File Explorer. Bisani a Microsoft, zimitsani otsalawo, pangani Restart ya Windows Explorer, kenako muziwayatsa mmodzi mmodzi mpaka vuto libwerere.

Tsukani nkhokwe ya tizithunzi

Windows imasunga tizithunzi tonse m'mafayilo otchedwa thumbcache, ndipo iwonso amawonongeka. Akawonongeka, kompyuta imapanganso tizithunzi tomwe tomwe ulendo uliwonse mukatsegula foda. Dinani Windows ndi R, lembani cleanmgr, sankhani C:, chongani Thumbnails pokha, dinani OK. Samalani ndi kabokosi ka Recycle Bin ngati muli zinthu zimene mungadzazifune.

Zikakanika, tsegulani Command Prompt mulembe mizere itatu iyi, umodzi umodzi:

taskkill /f /im explorer.exe
del /f /s /q /a %LocalAppData%\Microsoft\Windows\Explorer\thumbcache_*.db
start explorer.exe

Taskbar isowa mukalemba mzere woyamba, ibwera ndi wachitatu. Ulendo woyamba kutsegula foda yaikulu kuchedwako, chifukwa zonse zikupangidwa mwatsopano. Ilekeni imalize.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene ambiri sakadziwa. Windows ikaona foda yodzaza mavidiyo imaika yokha mizere ngati Length, ndipo kuti idzaze mzerewo imatsegula fayilo iliyonse, ngakhale tizithunzi mutatizimitsa. Dinani fodayo ndi batani lakumanja, Properties, Customize, pa "Optimize this folder for" sankhani General items, chongani "Also apply this template to all subfolders". Ndi bwinonso kusaunjika mavidiyo a chaka chonse mu foda imodzi, makamaka Downloads kapena pa Desktop.

Mwina si Windows, ndi fulashi

Vuto likamachitika pa fulashi kapena hard drive yakunja yokha, koperani mavidiyo angapo m'kati mwa kompyuta muyesere kumeneko. Akamatseguka bwino, cholakwa ndi chosungiracho. M'misewu ya mu tauni mumagulitsidwa mafulashi olembedwa 128 GB kapena 256 GB pa mtengo wokoma, koma m'kati mwake muli malo ochepa kwambiri. Amavomera kukopera, maina a mafayilo amaoneka onse, koma zimene zadutsa malo enieniwo zimakhala zinyalala. Zotere ndi zimene dllhost.exe imapenga nazo, ndiponso ndi zimene zimakafika ku Mangochi zosatseguka. Fulashi yatsopano iliyonse iyeseni ndi H2testw isanalandire ntchito ya kasitomala. Imaidzaza yonse n'kuwerenganso, ndipo imanena malo enieni.

Hard drive yakunja iyeseni ndi CrystalDiskInfo. Ikalemba Caution, kapena ikamamveka kugogoda, koperani zonse kwina musanapange chkdsk, kapulogalamu ka Windows koyeza ndi kukonza disiki, chifukwa chkdsk imailemetsa disiki yodwala kale.

A Linux ndi a Mac

Pa malaputopu akale amene anaikidwa Linux, nkhani ndi yomweyo, maina okha ndiwo asiyana. Thunar, pulogalamu yotsegulira mafoda pa Linux ina, imatuma tumblerd kuti ipange tizithunzi. Koperani fayilo ya /etc/xdg/tumbler/tumbler.rc muiike mu ~/.config/tumbler/, ndipo pa gawo la FfmpegThumbnailer lembani Disabled=true, kapena ikani malire pa MaxFileSize. Mu Nemo ya Linux Mint, pitani pa Preferences, Preview, muchepetse kukula kwa mafayilo oyenera kupangidwa tizithunzi. Nkhokwe yake ili mu ~/.cache/thumbnails ndipo mungaifufute yonse. Pa Mac, lembani qlmanage -r cache mu Terminal.

Nanga RAM yowonjezera?

Ngati mwachita zonsezi, palibe chimene chikutupa, koma In use ikumakhala pafupi kudzaza musanatsegule kanthu, apo RAM ndi yochepadi. Windows 11 imafuna 4 GB kuti ingoyenda, ndipo pa ntchito ya mavidiyo 8 GB ndi poyambira. Musanapite kukagula, onani mu Task Manager pa Performance, Memory. Pamenepo pamaoneka liwiro la RAM yanu ndi Slots used, kutanthauza mipata ingati ili yodzaza. Ikalemba 1 of 2, mpata ulipo. Malaputopu ena opyapyala RAM yake ndi yowotcherera pa bodi ndipo siisinthika. DDR3L ndi DDR4 sizilowerana, kampata ka pa mano ake kali pa malo osiyana, choncho nyamulani laputopuyo popita ku shopu, aiike muli pomwepo, muyatse muone nambala yatsopano mu Task Manager musanalipire. Onaninso pa Settings, System, About kuti Windows yanu ndi ya 64-bit, popeza ya 32-bit siigwiritsa ntchito RAM yoposa 4 GB ngakhale mutaikamo 16.