M'bale wamwalira ku Joni ali ndi loni, musathamangire kulipira

Anzathu ambiri amene ali ndi mapepala ku Joni amatenga loni kubanki kapena katundu wapangongole mmashopu a mipando, ndipo mkati mwa ndalama zomwe amadulidwa pamwezi mumakhala kainshuwaransi kotchedwa credit life. Sakuyezani magazi, sakutumizani kwa dokotala ayi, mumangosaina basi. Ntchito yake ndi yoti munthu akamwalira, ngongole yotsalayo alipire ndi a inshuwaransi osati mkazi ndi ana.

Ndiye zovuta zikagwa, yambani mwasakasaka pepala la ngongoleyo ndi sitetimenti, muone ngati pali mzere wa credit life. Kamakhala kandalama kochepa ndithu, poti kuyambira Ogasiti 2017 malamulo a pansi pa National Credit Act salola kudula kupitirira R4.50 pa R1000 iliyonse pa ngongole zambiri. Mukaupeza tengani death certificate ndi pasipoti ya malemu mukapange kleimu komwe anakongola, mupemphenso kope ya policy yonse, musachokepo opanda reference number.

Pakatipa ma debt collector aziyimba foni, ena moopseza zedi. Musasaine kanthu kovomera ngongole, musatumizenso olo R100 yoti akusiyeni. Ngongole ya malemu imalipidwa kuchokera pa chuma chamasiye, sichoka mthumba mwanu, pokhapokha ngati munamusainira ngati surety (wolonjeza kulipira iye akalephera) kapena ukwati wanu unali wa in community of property (womwe chuma ndi ngongole zimakhala za nonse awiri).

Pomwe pamavuta ndi apa. Kusayeza kuja sikuti matenda alibe nawo ntchito, kampani imadikira munthu amwalire kenako nkupita kukafukula mafayilo akuchipatala, ikapeza kuti ankamwa mankhwala a shuga kapena BP imangoti pre-existing condition (matenda omwe anali nawo kale), sitilipira. Ambiri amagwa ulesi pomwepo koma nkhani siinathe. Malamulo a 2017 aja amalola kukana pa matenda omwe munthuyo ankawadziwa ndipo anamuvuta mmiyezi 12 inshuwaransi isanayambe, osati chifuwa cha zaka khumi zapitazo. Ndipo ngati iye anaulula matendawo posaina, iwo amayenera kuti anamuuza momveka kuti amenewo sadzalipira. Afunseni akuonetseni pomwe anafunsa za umoyo wake ndi chomwe anayankha, ngati zinali za pafoni apereke recording. Kwa ine kampani yomwe sinafunse kalikonse koma ndalama imadula mwezi ndi mwezi ndiyofunika kuipanikiza kwambiri.

Akakana, akane polemba kalata yonena zifukwa, za pakamwa musavomere. Muli ndi masiku 90 oti muwalembere kuti aunikenso, ndipo akakakamirabe pitani nayo kwa National Financial Ombud, ofesi ya ku Joni yomva madandaulo a makasitomala yomwe inayamba mu Malichi 2024 itaphatikiza ma ombudsman a inshuwaransi, mabanki ndi ngongole. Kudandaula kumeneko ndi kwaulere, sipafunika loya, ndipo fomu mutha kudzaza pa intaneti olo muli ku Mangochi mutabwera ndi maliro.