Mankhwala ofiira aja ndi mtima wanu: musachoke kuchipatala opanda nambala yake

Achimwene ndi achemwali amene muli ku Joni, ku UK ndi kwina konse, ngati akupezani ndi lymphoma, khansa ija yotupitsa ngati mwanabele, dziwani dzina limodzi ili: doxorubicin. Ndi mankhwala ofiira aja a m'diripi, opezeka mu R-CHOP ndi mu ABVD, magulu a mankhwala angapo operekedwa pamodzi pochiza lymphoma. Khansa amaiphadi, koma amafooketsanso mnofu wa mtima, ndipo mlingo uliwonse umene mwalandira umawonjezerana kwa moyo wanu wonse.

Kawerengedwe kake ndi aka. Mu R-CHOP amapereka 50 mg/m² (mlingo wowerengedwa potengera kukula kwa thupi lanu) pa ulendo uliwonse, masiku 21 aliwonse. Maulendo 6 ndiye kuti 300. Madokotala amayamba kuchenjera kwambiri mukafika 250, ndipo kawirikawiri sadutsa 450 mpaka 550. Ngati muli ndi BP, shuga, zaka zoposa 65, kapena anakuwotchanipo ndi radiotherapy pachifuwa, mtima ungagonje musanafike pamenepo.

Musanayambe mankhwalawa, akujambuleni echo, sikani yoonera mmene mtima ukugwirira ntchito. LVEF, mphamvu ya mtima popopa magazi, iyenera kukhala 50% kapena kuposa. Lembani nambalayo.

Pamene ambiri timagwa ndi pamapepala. Munthu wayamba chithandizo ku Kamuzu Central kapena ku Queens, kenako wasamuka. Kapena wasintha tawuni potsata ganyu. Wafika pawindo la mafayilo kuchipatala chatsopano, akumuuza kuti bwerani mawa, fayilo sikuoneka, amene amasunga ali patchuthi. Dokotala watsopano akafunsa kuti munalandira zingati, yankho n'kukhala "ankandiika ofiira aja". Zimenezo si yankho, abale. Akhoza kukupatsani mlingo wopyola malire, kapena kukumanani mankhwala amene mukanachira nawo. Maejenti olonjeza chithandizo ku India nawonso ndalama amawerenga bwino, koma za mapepala anu alibe nazo ntchito. Musawapatse mapepala enieni, apatseni mafotokope.

Ulendo uliwonse, pemphani nesi alembe tsiku, dzina la mankhwala ndi mlingo, inu mujambule pafoni musanatuluke pakhomo. Ku UK muli ndi ufulu wopempha mafayilo anu kwaulere, ndipo ayenera kuyankha pasanathe mwezi.

Mkodzo wofiira tsiku limodzi kapena awiri mutalandira diripi usakuopseni, ndi mtundu chabe wa mankhwalawo. Choopsa ndi phuma pokwera masitepe amene kale munkathamangapo, kulephera kugona chagada mpaka kusanjikiza mapilo atatu, sokosi kusiya mzere wakuya pamwendo wotupa, sikelo kukwera makilo 2 m'masiku atatu, mtima kugunda modumphadumpha. Musati ndi kutopa kwa shifiti. Imbani foni kuwodi ya khansa tsiku lomwelo. Chifuwa chikathina, ndi 999 ku UK, 112 pafoni ya m'manja ku South Africa.

Vuto la mtimali nthawi zambiri limaonekera m'chaka choyamba mutamaliza chithandizo, ngakhale lingabwere patapita zaka. Choncho echo ina pakatha miyezi 12 si yokambirana. Likagwidwa msanga, mankhwala ngati enalapril ndi carvedilol nthawi zambiri amaubweza mtima. Brufen ndi diclofenac musamangogula nokha, amasunga madzi m'thupi. Zitsamba za m'mabotolo zotumizidwa pabasi, sonyezani dokotala kaye. Achemwali amene mukufuna kutenga pathupi, jambulitsani mtima musanayime, ndipo ku sikelo muwauze mlingo wonse umene munalandira.