Kalembedwe ka Katswiri Wochokera Kunja pa Ntchito ya Kanthawi

Bungwe limene likufuna kulemba ntchito katswiri wochokera kunja m'Malawi muno, monga injiniya wa makina a m'fakitale kapena dokotala wa maopaleshoni, liyenera kumupezera chilolezo chotchedwa Temporary Employment Permit, chimene ambiri amangochitchula kuti TEP. Chilolezochi chimaperekedwa ndi nthambi ya boma yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko, ndipo udindo wochipempha uli m'manja mwa olemba ntchito.

Yambani ndi kulengeza ntchitoyo m'nyuzipepala za m'dziko muno, monga The Nation kapena The Daily Times, ndipo musunge tsamba limene chilengezocho chinatulukapo pamodzi ndi makalata a Amalawi onse amene anafunsira. Apa ndi pamene mabwana ambiri amapunthwa, chifukwa chimene boma limafuna kwenikweni ndi umboni woti lusolo linasowadi pakati pa eni dziko. Choncho kalata yanu yoperekeza pempho la TEP ifotokoze za wofunsira aliyense payekha, maphunziro amene ali nawo ndi chimene chikuperewera, popeza kungolemba kuti onse sanayenerere sikungakhutiritse ofisala amene akuunika pempholo.

Pa fomu yofunsira muphatikizepo makope otsimikizidwa a masatifiketi a mlendoyo, mbiri ya ntchito zimene wagwirapo, zithunzi za pasipoti, kalata ya apolisi akwawo yosonyeza kuti alibe mlandu, ndi lipoti la kuchipatala. Dokotala ayeneranso kulembetsa ku Medical Council of Malawi ndipo namwino ku Nurses and Midwives Council of Malawi, chifukwa TEP payokha siipatsa munthu mphamvu zothandiza odwala.

Musafulumire kumugulira tikiti ya ndege. Mlendo amene mukumupemphera TEP koyamba amayenera kudikira ali kunja kufikira pempholo litavomerezedwa, ndipo kumulowetsa ngati mlendo wodzacheza n'kumuyambitsa ntchito mwamseri ndi kuphwanya malamulo. Akayamba ntchito, muzimudula msonkho wa pa malipiro wotchedwa PAYE n'kumaupereka ku bungwe lotolera misonkho la MRA monga muchitira ndi antchito ena onse.

TEP imakhala zaka 2 ndipo ingawonjezedwe kawiri, kutanthauza zaka 6 zonse pamodzi, koma pempho lowonjezera liperekedwe kutatsala miyezi 3 kuti chilolezo chithe. N'chifukwa chake nkhani ya Mmalawi wophunzira ntchito pambali pa katswiriyo iyenera kukonzedwa kuyambira pachiyambi. Sankhani munthu amene ali ndi maphunziro oyenera, osati dzina longodzazira fomu, ndipo mulembe zimene aziphunzira chaka chilichonse, kuti pa nthawi yowonjezera chilolezo mudzakhale ndi chosonyeza kuti lusolo likusamukiradi kwa iye.