Aphunzitsi, ba be bi bo bu ndi nyimbo, si mayeso

Teremu ino ndazungulira masukulu a muzoni yathu ndipo pali chinthu chimodzi chanditopetsa aphunzitsi anzanga. Mumalemba ba be bi bo bu pa bolodi, mukuloza ndi kamtengo, kalasi yonse ikukuwa limodzi, inu basi mwachonga m'kaundula kuti ana adziwa maphatikizo. Adziwa chani? Mwana akangomva ba zotsalazo zimangotuluka zokha mkamwa olo maso ali panja, ndipo kumbuyo kuja ambiri amangoyendetsa milomo kutsanzira atatu anayi akutsogolo omwe akuwerengadi, mkalasi ya ana opitirira 100 simungamve yemwe wakhala chete.

Nde mwana uja mwamukhozetsa, wapita Sitandade 2, kenako 3, kumeneko buku lili ndi ndime zathunthu iye sangalumikize nd ndi a kuti apange nda, masamu amawu amukanika, chilichonse chamukanika, abwereza kalasi kawiri kenako makolo akuti alibe mutu wasukulu akawete mbuzi. Chonsecho vuto linabisika tsiku lomwe munachonga lija. National Reading Programme, pulogalamu ya boma yophunzitsa ana kuwerenga, inayamba mu 2016, tinaphunzitsana za maliwu a malembo ku TDC, malo amaphunziro a aphunzitsi muzoni, mpaka kutopa, koma enanu mukadali pa zoloweza zomwe munaphunzira nazo inuyo kalekale eti poti ifenso tinakula choncho. Ayi ndithu.

Bambo wina mlimi wa mtedza anandiimitsa panjira ali wokhumudwa, akuti mwana wake wabwera ndi lipoti labwino zedi koma itabwera kalata yoitanira msonkhano wa kalabu anamupatsa kuti awerenge, mwana anangoigwira nkumayang'ana pansi, mpaka anakawerengetsa kwa aneba. Amafunsa kuti nanga mamalikisi onsewa achokera kuti.

A EGRA, oyesa luso lowerenga la ana a makalasi oyambirira, akamabwera amayesa mwana payekha, malembo osakaniza, mphindi imodzi yokha, amaikamonso mawu opeka opanda tanthauzo dala kuti woloweza agwidwe. Inunso mutha. Dulani katoni mulembe mu, ka, ti, ne, lo, musakanize, muziitana ana asanu patsiku m'modzim'modzi ena akulemba. Funsani liwu la lembo osati dzina lake lokha, muponyemo mawu ngati leku kapena nofi. Olephera alembeni mayina, akhale patsogolo, mutsale nawo pang'ono poweruka.