Ma goblin anayi aja si lamulo: kusintha ndewu za m'buku la D&D kuti zikwane anthu anu

Tsiku loyamba lomwe ndinayendetsa Lost Mine of Phandelver, buku la nkhani ya gemu ya patebulo ya Dungeons & Dragons (D&D), tinalipo anayi, ine DM (woyendetsa gemu) ndi osewera atatu, ndipo tisanamalize n'komwe mtedza womwe unali patebulo awiri mu gemumo anali atagona kale mumsewu, mivi ili thoo. Wachitatu, mnzanga wa wizard, anangondiyang'ana n'kufunsa kuti aise, gemu yake ndi yomweyi? Ine pa chiwerengero palibe chomwe ndinalakwitsa, buku linati ma goblin (tizilombo tating'ono tooneka ngati anthu) anayi ndipo ndinaika anayi. Koma bukulo, lomwe Wizards of the Coast anatulutsa mu Starter Set ya 2014, analembera osewera anayi kapena asanu. Anzanga atatu aja silinkawadziwa.

Ndiye musanakhale pansi ndi anthu, tengani pepala ndi pensulo muwerengere. Sizitenga nthawi. Mu Dungeon Master's Guide ya 2014, wosewera mmodzi wa levo 1 ali ndi malire anayi a XP, mapointi a adani omwe timayezera kuopsa kwa ndewu: 25 ndewu yophweka, 50 yapakati, 75 yovuta, 100 yoti munthu atha kufa. Mumachulukitsa ndi chiwerengero cha osewera anu. Kenako mumaphatikiza XP ya adani onse n'kuchulukitsanso malinga ndi kuchuluka kwawo, akakhala awiri ndi 1.5, akakhala atatu mpaka sikisi ndi 2. Goblin mmodzi ndi 50 XP, anayi 200, kuchulukitsa kawiri 400. Osewera anayi malire awo a imfa ndi 400 yomweyo, kutanthauza kuti ndewu yoyambirirayi ndi yoopsa kale ngakhale gulu lili lokwana. Atatu anga aja malire awo anali 300, ndiye mukuona nokha zomwe ndinawachita ana a eni ake. Buku la 2024 linachotsa zochulukitsazi, ngati muli ndi limenelo tsatani tebulo lake, koma nkhani ya kuchuluka kwa adani ikadali pomwepo.

Chinthu chomwe chimapha anthu pa levo yotsika ndi manja. Werengani manja angati akumenya mbali iyi ndi angati mbali inayo pa raundi imodzi. Goblin ali ndi HP (mapointi a moyo) 7 yokha, ndi kanthu kongofa ndi nkhonya imodzi yabwino, koma ali ndi +4 pomenya ndipo muvi wake umachotsa HP 1d6+2 (dayisi imodzi ya mbali sikisi kuphatikiza 2), pomwe wizard wanu mwina ali ndi HP 8. Mivi iwiri basi wagona. Ndipo akagona mmodzi mbali yanu manja achepa, wina akusiya kumenya kuti akamudzutse, zinthu zimangotsetsereka choncho mpaka onse pansi. Ndiye chinthu choyamba kusintha ndi chiwerengero cha adani, zinazo pambuyo. Osewera atatu, ma goblin awiri amapereka 150 yomwe ndi yapakati ndendende, atatu amapereka 300 yomwe ikadali yoopsa. Ine masiku ano ndimayamba ndi awiri, wachitatu ndimamusunga m'tchire, ndikaona kuti anyamata akudya bwino amatulukira raundi yachiwiri ngati anali komweko kalekale. Palibe amadziwa. Kubweretsa adani pang'onopang'ono chonchi kumakupatsani mpata woona kaye dayisi yadzuka bwanji lero, chifukwa masiku ena d20, dayisi ya mbali 20, imangokana munthu osadziwa kuti anailakwira chani.

Mukakhala ndi gulu lalikulu, tinene sikisi, vuto limatembenuka. Lamulo limati mutsitse chochulukitsira chija sitepe imodzi, ndiye ma goblin anayi amangokhala 300, yapakati, ndipo ena sakhudza n'komwe dayisi ndewu yatha kale, wina wayamba kale kuona foni. Apa anthu ambiri amathamangira kuwonjezera HP ya mdani kuti achedwe kufa. Musatero, zimatopetsa, zili ngati kutema chitsa. Onjezani ma goblin akhale sikisi, zifika 450 yomwe ndi yovuta bwinobwino, aliyense apeze wake womenya. Ngati mulibe tizidole tokwanira, zitsekero za mabotolo zimagwira ntchito, ife timangolemba manambala pamwamba ndi maka.

Koma manambala okha amanama nthawi zina. Ndewu yoyamba ija, ya pamsewu wa Triboar Trail, chimene chimaipweteketsa kwenikweni n'chakuti ma goblin abisala, ali ndi +6 pa Stealth (luso lobisala), ndiye osewera akufika ndi ngolo yawo ya ng'ombe, aona mahatchi awiri akufa pamsewu, wina watsika kukayang'ana, kenako raundi yonse yoyamba akungolandira mivi osabwezera. Masamu a XP aja sawerengera zimenezo. Mukafuna kufewetsa osachotsa mdani ngakhale mmodzi, apatseni chizindikiro: ng'ombe zikane kuyenda, nthambi ithyoke m'tchire, mbalame zileke kulira. Wosewera wochenjera anena yekha kuti pano sipali bwino, ndipo adzanyadira kuti anazitulukira yekha. Mukafuna kulimbitsa, gwiritsani ntchito luso la goblin la Nimble Escape mokwanira, goblin alase n'kubisalanso raundi iliyonse, muona mmene fighter wanu azitukwanira.

Onaninso mapepala a osewera anu, osangowerenga mitu. Gulu la anthu anayi lopanda cleric kapena wina wochiza si lofanana ndi anayi omwe ali naye. Wizard yemwe ali ndi matsenga a Sleep a malamulo a 2014 amagonetsa HP 5d8, pafupifupi 22, amenewo ndi ma goblin atatu pakamodzi, ndewu yoopsa ija yasanduka phada. Ndiye musanachotse adani funsani kuti anthuwa anyamula chani. Komanso ndi anthu otani, ongoyamba kumene amaiwala kuti ali ndi potion yochiza m'chikwama mpaka kufa nayo.

Tsopano Klarg. Uyu ndi bugbear, mtundu wa ma goblin koma wamkulu thupi, wa kuphanga la Cragmaw ndipo ndi amene ndimamuopa kwambiri m'chigawo choyambachi. AC 16 (nambala yoti muifikire kuti mum'menye), HP 27, chibonga chake chaminga chimatulutsa 2d8+2, ndiye 11 mwapakati, ndipo akadzidzimutsa munthu raundi yoyamba amawonjezera 2d6 ina. Zonse pamodzi 18. Lamulo limati zotsala pambuyo poti HP yafika ziro zikafanana ndi HP yonse ya munthuyo kapena kupitirira, wafa pomwepo, palibe za death save, dayisi zoponya munthu akakomoka kuti apulumuke. Wizard wa HP 8 uja walandira 18, zotsala 10, maliro. Ndipo imeneyo si crit (kumenya kwamphamvu kobwera d20 ikagwa pa 20), ndi kumenya wamba. Klarg ali ndi mmbulu wake Ripper ndi ma goblin awiri, mukawerengera zifika 700 pa anthu omwe malire awo ndi 400. Apa kuchotsa goblin mmodzi sikuthandiza kwambiri poti vuto ndi nkhonya imodzi yaikulu. Zomwe ndimachita ine, 2d6 ija ndimaifafaniza ngati osewera ndi atsopano, ndipo Klarg poti ndi wodzimva amathamangira wamkulu thupi, wa chishango, kuti aonetse mphamvu. Zimagwirizana ndi khalidwe lake ndiye palibe amadandaula. Njira ina ndi kuwalola akwere levo 2 asanafike kwa iye, kapena apulumutse kaye Sildar Hallwinter, msilikali yemwe ma goblin anam'gwira m'phangamo, ngakhale ali wofooka ndi dzanja lina lowonjezera.

HP ya m'buku nayonso ndi yapakati chabe. 27 ya Klarg ikuchokera pa 5d8+5, ndiye paliponse kuyambira 10 mpaka 45 mukadali m'malamulo. Sankhani nambala yanu gemu isanayambe, ilembeni. Zosintha dayisi kuseri kwa sikirini ya DM ine sindizikonda, ndinayesapo, tsiku lina mnzanga anaona 20 yomwe ndinati ndi 9 ndipo kuyambira pamenepo chilichonse chabwino chikachitika ankangoti wangotimvera chisoni eti. Bola kusintha zomwe adani akufuna. Goblin si msilikali wolumbira, anzake akagwa amathawa, ndipo buku lenilenilo limati womaliza athawire kanjira kopita kuphanga, komanso kuti akapambana amangowasiya osewera ali chikomokere n'kuwabera katundu. Ndime imeneyi tsiku loyamba lija ndinaidumpha.

Pali ndewu zina zoti musazichepetse dala. Venomfang wa kumudzi wa Thundertree ndi chinjoka chobiriwira chaching'ono, CR 8 (muyeso wa kuopsa kwa mdani), HP 136, mpweya wake wapoizoni 12d6, ndiye 42 mwapakati, pa anthu a levo 3 omwe ambiri safika n'komwe 30. Mukachichepetsa kuti chikwane gulu ndiye sichilinso chinjoka. Ntchito yanu ndi kuonetsetsa kuti akudziwa chomwe akulowa: udzu wofota kuzungulira nsanja, fungo loyabwa pakhosi, druid, wamatsenga a zachilengedwe wa m'mudzimo, awachenjeze mosabisa. Chinjokacho chilankhule kaye, chinyengerere, chiname. Buku limati HP ikafika theka chimauluka n'kuthawa, ndiye cholinga ndi 68 osati 136, ndipo mukaona kuti akufunadi kumenya akumbutseni kuti asaunjikane malo amodzi. Anga anaunjikana pakhomo la nsanja onse atatu, wa rogue yekha ndi amene anatsala chilili, ndipo mpaka lero amanena kuti pulani inali yake.