Chinangwa cha kondowole chisaviikidwe m'damu la nsomba

Chilimwe chino timitsinje taphwa msanga kuno ku Nkhotakota, ndiye anthu ayamba kuviika chinangwa m'madamu momwe akuwetamo nsomba. Cha ku Linga ndi ku Zidyana ndapeza matumba a chinangwa chosenda atamizidwa m'mbali mwa damu, mwala uli pamwamba, madzi atachita thovu, fungo lake likumveka musanafike n'komwe. Zimenezi zikundiwawa mtima.

Kodi chinangwa chowawa timachiviikiranji? Kuti ululu wake utuluke. Ululuwo ndi poizoni wotchedwa cyanide, ndipo ukatuluka umatsala m'madzi omwewo momwe makumba ndi chilunguni akupumira. Komanso chinangwa chikamavunda chimatha mpweya wa m'madzi. Mu Okutobala ndi Novembala madzi amakhala ochepa ndi otentha, mpweya ndi wopereŵera kale. Ndere zobiriwira zija zimapanga mpweya masana okha, usiku nazonso zimaupuma. N'chifukwa chake nsomba zimafa mbandakucha. Mukazipeza zili kukamwa yasa pamwamba pa madzi dzuwa lisanatuluke, zinthu zavuta kale. Mlamba usakunamizeni, umapirira chifukwa umatha kupuma mpweya wakunja.

Ena akuti makolo athu ankaviika m'madzi chomwechi. Inde, koma m'mphepete mwa nyanja ndi m'mitsinje yoyenda, osati m'kadamu kokumba ndi khasu komwe madzi ake angoima. Tidzanena kangati zimenezi?

Bambo ena anandiitana atakwiya, ati wina wawathirira mankhwala m'damu chifukwa cha nsanje, ndipo anali okonzeka kukasuma kwa amfumu. Makumba oti akanakolola pa Khirisimasi anali mbuu, mimba m'mwamba. Titazungulira damulo tinavuula matumba a chinangwa cha pakhomo pawo pomwe. Ndalama zogulira mbewu ya nsomba, madeya a miyezi yonseyo, thukuta lokumba, zonse zinalowa m'madzi, ndipo ubale ndi mnansi wosalakwa unatsala pang'ono kutha.

Viikani m'diramu, m'mbiya kapena m'dzenje lakutali, ndipo madzi ake asatsikire mu ngalande yolowa m'damu. Ngati nsomba zayamba kale kupumira pamwamba, vuulani chinangwacho, lowetsani madzi atsopano ngati alipo, takasani madzi ndi nthambi, muyambe mwaleka kuthira manyowa ndi madeya. Zakufazo kwirirani, musapatse ana.